Chala chachikulu cha bambo wolima thonje

Kwa ine wogonetsa odwala pa opaleshoni, sabata ino inayamba ndi firiji. Lolemba m'mawa ndinapeza kuti magetsi anazima usiku ndipo jenereta inachedwa kuyaka, choncho ndisanaone wodwala aliyense ndinathamangira kukaona suxamethonium ndi atracurium, mankhwala ofooketsa minofu amene amayenera kusungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 8. Kuno kuchigwa, kumene mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40, firiji ikafunda tsiku lonse mphamvu ya mankhwalawa sungaikhulupirirenso kwenikweni. Mwamwayi inali ikadali yozizira.

Lachiwiri ndi Lachitatu zinali za masiku onse, amayi obereka mwa opaleshoni amene tinangowabaya jakisoni wa pamsana.

Lachinayi madzulo anabwera nawo bambo wina wa cha ku Ngabu, matumbo atapotana. Nditawagoneka ndinawapatsa suxamethonium kuti ndilowetse chubu chopumira pakhosi, ndipo ndinaona minofu ya kumaso ndi pachifuwa ikunjenjemera pang'ono monga zimakhalira, kenaka thupi lonse linafooka. Mankhwalawa amatha mphamvu pakadutsa mphindi zisanu kapena khumi, chifukwa m'magazi muli mchere wina wachilengedwe, cholinesterase, amene amawaphwanya. Koma apa zinadutsa mphindi 40 bamboyo osayesa n'komwe kupuma okha. Ndinamata mawaya a kachipangizo kathu koyezera ngati minofu yayambanso kugwira ntchito pamkono, pamene padutsa mnyewa wa ulnar, umene umatumiza uthenga ku minofu ya dzanja, n'kutumiza timagetsi kanayi motsatizana m'masekondi awiri, maso ali pa chala chachikulu. Chalacho sichinagwedezeke.

Ndinatuma namwino kuti akafunse akazi awo panja. Iwo anayankha kuti, “Bambo akhala akupopera thonje masiku atatu, opanda chotseka pamphuno.” Mutu unandimasuka pomwepo, chifukwa mankhwala ophera tizilombo a gulu la organophosphate amalepheretsa cholinesterase yemweyo kugwira ntchito. Neostigmine, amene timabaya pofuna kubwezeretsa mphamvu ya minofu, sindinamukhudze, popeza naye amatsekereza cholinesterase ndipo akadangowonjezera vuto. Chotsala chinali kuwapumitsa ndi manja, tikulandizana kufinya chibaluni, ndi kuonetsetsa kuti akugonabe, pakuti mankhwala ofooketsa minofu sagonetsa munthu ndipo sachotsa ululu.

Ndikufinya chonchi ndinakumbuka zimene tinaphunzira za Claude Bernard, wasayansi wa ku France, amene m'zaka za m'ma 1850 anaonetsa pa achule kuti mankhwala ofooketsa minofu otchedwa curare amadula uthenga pamene mnyewa wakumana ndi mnofu, pomwe mnofuwo ukaugunda ndi magetsi mwachindunji umakokabe. Curare anali ululu wa pamivi ku South America, ndipo analowa mufiyeta mu 1942 ku Montreal, ku Canada. Makolo athu Amang'anja nawo ankapaka pamivi kombe, ululu wochokera ku chomera, koma uyo amaimitsa mtima.

Chala chija chinayamba kugwedezeka cha m'ma 9 koloko usiku, poyamba mofooka, kenaka kanayi konse mofanana, ndipo ndinachotsa chubu bamboyo atatha kudzutsa mutu okha. Lachisanu ndinawapeza kuwodi akufunsa za phala, ndipo papepala langa la mafunso a odwala ndawonjezerapo funso la kupopera mbewu.