Ndime imene inatichititsa kukangana ndi mchemwali wanga

Kabizinesi kathu tinakayamba awiri, ine ndi mchemwali wanga, tili ndi laputopu imodzi basi. Timakonza ndi kusindikiza nkhani zopeka zimene makampani akuluakulu amazikana ati kalembedwe kake nkachilendo, ina yoyambira kumathero kubwerera mmbuyo, ina tsamba lonse lopanda mpumiro, ina wofotokoza wake ndi munthu woti anamwalira kale. Ifeyo zoterozo timazikonda kwabasi.

Ndiye kunabwera buku lina lokoma zedi mpaka chapakati pomwe mlembi anayamba kufotokoza mayi wina akuzunzidwa, masamba ndi masamba, magazi, mano, chilichonse mwatsatanetsatane. Usiku umenewo sindinaone tulo. Mmawa ndinati ndimeyi ichoke, mchemwali wanga anakanitsitsa, akuti ukayamba kudula lero mawa uzidula chilichonse chokuwawa. Anandikumbutsa za Sylvia Beach, mayi wa kashopu ka mabuku ku Paris yemwe anasindikiza Ulysses ya James Joyce mu 1922 pomwe ku America inali yoletsedwa ati ndi zolaula, mpaka mu 1933 jaji John Woolsey ku New York anailola ataliona buku lonse osati kungotsomphola ndime imodzi nkuyamba kukuwa.

Zimenezo ndinavomera, nanga nkukana bwanji. Ndinabwereza buku lonse kawiri ndipo mpomwe ndinagwira chimene chimandivuta. Sanali magaziwo ayi. Mayi uja kuyambira tsamba loyamba anali ndi dzina, maganizo, ankaseka, ankanama nthawi zina, koma pofika pa ndime ija anasowa, panangotsala thupi, ndipo ife owerenga tinaimikidwa pamalo a womuzunzayo nkumaonerera naye limodzi.

Tinamuimbira mlembiyo. Sitinamuuze kuti dulani, tinangofunsa kuti achimwene, pa ndime iyi akuona ndi ndani, ndipo mukufuna wowerenga atuluke atadziwa chani chomwe samachidziwa? Poyamba anapsa mtima, akuti buku loyesa njira zatsopano silifunsidwa mafunso otere. Koma chatsopano nchiti pamenepo, kuzunza mkazi pa pepala anthu anayamba kalekale.

Anakhala chete masabata atatu kenako anatumiza ina. Analemba kuchokera mmutu mwa mayiyo, akuwerenga ming'alu ya pakhoma, ziganizo zikuduka pakati mmene mpweya wake umadukira. Inafupika kwambiri koma inandiliza, yoyamba ija inangondichititsa nseru.

Si alembi onse amabwerera, ena anatenga mabuku awo nkupita kwina ndipo zimatipweteka chifukwa bizinesi ndi yaing'ono. Komanso musaganize kuti timaopa magazi, buku lotsatira linali la namwino wina lokamba za mayi womwalira pobereka, muli magazi ochuluka kuposa loyamba lija ndipo sitinachotsemo ngakhale liwu limodzi.