Sabata ya BLAST ndi Majini a Malungo mu Labu ya Makompyuta

Ndimaphunzitsa bioinformatics, phunziro la kusanthula majini pa kompyuta, kwa ophunzira a chaka chachitatu cha bayoloje pa yunivesite ina muno mu Johannesburg, ndipo sabata yathayi ndi imene tinawalowetsa koyamba mu labu ya makompyuta. Ambiri mwa iwo anasankha bayoloje pothawa masamu, choncho akangoona sikirini yakuda ya Linux, yopanda kachithunzi kalikonse kodina, manja amachita kuwauma.

Lolemba tinayamba ndi fayilo ya FASTA yosungira zilembo za DNA, imene mzere wake woyamba umayamba ndi chizindikiro cha > ndipo pansi pake pamakhala zilembo zinayi zokha, A, C, G ndi T, zobwerezedwa kambirimbiri. Tinatenga jini ya HBB, yopanga gawo la hemoglobin ya m'magazi, ku GenBank, nkhokwe ya majini imene inakhazikitsidwa mu 1982, n'kuika ya munthu wabwinobwino pafupi ndi ya munthu wodwala sickle cell. Kusiyana kwake ndi chilembo chimodzi, pamene GAG yasanduka GTG, ndipo pa puloteni yopangidwa ndi jiniyo, glutamic acid wa pa malo achisanu ndi chimodzi walowedwa m'malo ndi valine. Matendawa anali atawaloweza kale chaka chatha, koma atapeza okha chilembocho pa sikirini anayamba kufunsa mafunso a anthu amene akufuna kumvetsa.

Lachiwiri linali la BLAST, pulogalamu ya mu 1990 imene imafufuza m'nkhokwe majini ofanana ndi amene waipatsa. Apa ndi pamene pamagona vuto lalikulu la phunziroli. Wophunzira amatenga zotsatira zimene zili pamwamba penipeni n'kuzilemba ngati yankho, osayang'ana E-value, nambala imene imasonyeza kuti kufanana kotereku kungapezeke kangati mwangozi chabe m'nkhokwe yaikulu chonchi, ndiponso osayang'ana ngati zafanana jini yonse kapena kachidutswa kochepa. BLAST siikana munthu. Ngakhale uipatse zinyalala, nthawi zambiri imakubwezera kanthu, ndipo ntchito yoweruza ngati kanthuko n'komveka pa zamoyo ndi ya munthu wa bayoloje.

Lachitatu ndinawapatsa nkhani yakwathu. Mu 1993 Malawi anali dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine ngati mankhwala oyamba a malungo n'kutenga SP, amene ambiri timawadziwa kuti Fansidar, chifukwa tizilombo ta Plasmodium falciparum tinali titasiya kumva mankhwalawo. Gwero lake lili pa jini ya pfcrt, pamene lysine wa pa malo 76 amasanduka threonine. Ndinawauza kuti atenge puloteni ya mtundu wa 3D7, umene umafa ndi chloroquine, ndi ya mtundu wa Dd2, umene sufa, aziike pamzere umodzi. Kuyambira pa malo 72 kufika pa 76, woyamba umawerengeka CVMNK, wachiwiri CVIET. Kenaka ndinawaonetsa zimene ofufuza anapeza ku Blantyre, kuti tizilombo tosamva chloroquine tinatsika kuchoka pa 85 peresenti mu 1992 kufika pa 13 peresenti mu 2000, ndipo ndinawafunsa chifukwa chake. Labu inakhala chete kwa kanthawi ndithu, mpaka mtsikana wina ananena kuti kusinthako kuyenera kuti kumafooketsa kachilomboko mwanjira ina, moti mankhwala akachoka, tizilombo takale timachulukanso. Yankho limenelo sanalipeze pa kompyuta, analipeza poganiza ngati munthu wodziwa zamoyo, ndipo ndicho chimene ndimafuna pa wophunzira aliyense.

Titaweruka, mnyamata wina wa ku Dedza, amene makolo ake amagwira ntchito konkuno, anabwera ku ofesi n'kulankhula Chichewa motsitsa mawu. Anati: "Aphunzitsi, ndiye kuti agogo anga akamanena kuti chloroquine ankachiza bwino kuposa LA, sakunama?" Ndinamuyankha kuti: "Achimwene, agogo akukumbukira nthawi imene mankhwalawo ankagwiradi ntchito, koma zobwezeretsa mankhwala sizichitika chifukwa cha jini imodzi, poti tizilombo timayenda ndi anthu kudutsa malire, ndipo tosamva mankhwala tingachulukenso msanga." Anapempha kuti pulojekiti yake ya chaka chamawa idzakhale ya malungo, ndipo ndinamutumiza kukawerenga za PlasmoDB, nkhokwe ya majini a tizilombo ta malungo.

Lachinayi linathera pa misonkhano ndi kuchonga malipoti a BLAST, amene ambiri mwa iwo ndinawabweza kuti eni ake afotokoze chifukwa chimene akukhulupirira zotsatira zawo.

Lachisanu tinakamba za Omicron, mtundu wa kachilombo ka COVID-19, chifukwa nkhani yake inachitikira mumzinda uno. Mu November 2021 ma labu a kuno anaona kuti poyeza ndi PCR, njira yozindikirira majini a kachilombo, jini ya S, yopanga minga ya kunja kwa kachilomboko, sikuoneka pa zitsanzo zina, ndipo asayansi a ku South Africa ndi ku Botswana, kuphatikizapo a NICD, bungwe loona za matenda opatsirana, ku Sandringham, atawerenga majini a kachilomboko, amene ali ndi zilembo pafupifupi 30,000, anadziwitsa WHO pa 24 November. Ndinawapatsa jini ya S ya Omicron ndi ya kachilombo koyamba ka ku Wuhan kuti apeze okha kachigawo kamene kanachoka pa malo 69 ndi 70 a puloteni yake. Amene sanamalize adzapitiriza Lolemba, tisanayambe kujambula mitengo ya ubale wa zamoyo pogwiritsa ntchito mbuna za m'nyanja ya Malawi.