Panorama ya ku Chembe: pamene ndafika ndi msoko wa pamadzi

Mwera wayamba kuchepa mphamvu, ndiye ndati ndilembe pamene ndafika ndi ntchito yolumikiza zithunzi za malo a kwathu kuno ku Mangochi kuti zikhale chithunzi chimodzi chotambalala, chija amati panorama, utsi wa moto wa m'tchire usanaphimbe mapiri. Ikafika Seputembala mpaka Okutobala, mapiri a kutsidya amangooneka mbuu, ndipo kujambula malo akutali kumakhala kutaya nthawi.

Za pamtunda sizikundivutanso. Mukakwera msewu wa ku Namwera n'kuima pamalo poonekera, mumaona Shire ikupita kukalowa mu Malombe, migwalangwa ili ndandanda m'chigwa. Pamenepo zithunzi zimagwirana zokha. Miyala siyenda, mapiri sasuntha, ndipo Hugin, pulogalamu yaulere imene ndimagwiritsa ntchito pa laputopu, imapeza yokha malo ofanana pa zithunzi ziwiri zoyandikana, aja amati control points. Ine ndimangodula m'mphepete basi.

Nyanja ndiye nkhani ina. Chimene ndakhala ndikulimbana nacho nyengo yozizira yonseyi ndi chithunzi chimodzi chotambalala cha pagombe la Chembe, ku Cape Maclear: miyala ya ku Otter Point kumanzere, chilumba cha Thumbi kutsogolo, cha Domwe kumanja. Malowa ali mu Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 n'kulowa pamndandanda wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, choncho ajambulidwa ndi anthu osawerengeka. Koma zambiri zimene ndaona ndi za dzuwa likulowa kuseri kwa Thumbi, chidutswa chimodzi. Ine ndikufuna gombe lonse monga momwe diso la munthu woima pamchenga limaliyendera.

Vuto la madzi ndi lakuti funde limene lili pa chithunzi choyamba silipezekanso pa chachiwiri. Kompyuta sidziwa zimenezo. Imaona kathovu apa, kathovu kena apo, n'kuganiza kuti ndi chinthu chimodzi, ndipo imapinda chithunzi chonse kuti tiwirito tikumane. Zotsatira zake, mzere umene nyanja imakumana ndi thambo umathyoka ngati maluwa a chitenje pamene telala wasoka osayang'ana mbali inayo. Diso limakhululukira mtengo wopendekeka, koma nyanja yokhala ndi sitepe aliyense amaiona, ngakhale mwana.

Tsopano ndimachita motere. Hugin ikamaliza kupeza mfundo zake, ndimafufuta zonse zimene zagwera pamadzi ndi pamitambo, n'kusiya za pamiyala ya Thumbi, pamsana pa Domwe ndi pamitengo ya kugombe. Kenako ndimaika ndekha mfundo zouza pulogalamuyo kuti mzere wa nyanja uyenera kugona mowongoka kuchokera uku mpaka uko. Pamafunikanso kuganiza msanga, uli pagombe pomwepo: chithunzi chilichonse chikhale ndi kachidutswa ka mtunda m'mbali mwake. Pakati pa zilumba ziwiri pakakhala chithunzi cha madzi ndi thambo zokhazokha, palibe chogwirirapo, ndipo umachezera nacho usiku wonse.

Kamera ndimaiimika chotalika, osati chogona, kuti pakhale thambo ndi mchenga wokwanira wodula pamapeto. Ndi lenzi ya 35mm pa kamera ya APS-C (ya sensa yocheperapo), chithunzi chimodzi choimirira chimatenga madigiri pafupifupi 25 m'lifupi. Chilichonse chikaphimba gawo limodzi mwa magawo atatu a chinzake, zithunzi 9 zimakwana madigiri opitirira 150, ndipo gombe lonse limalowa. Zonse ndimazikhoma pa manual, kuti kamera isamasinthe yokha kuwala ndi mitundu pakati pa zithunzi: f/8, liwiro la 1/250 kapena kuposa, ISO yotsika, focus ndi white balance osasintha. Ndimayeza kuwala kumbali yowala kwambiri, chifukwa mthunzi umatheka kuudzutsa pa kompyuta koma thambo likapsa lapsa. Polarizer, galasi lija loika pa lenzi lochepetsa kunyezimira, ndimaisiya m'chikwama. Pa thambo lotambalala chonchi imadetsa mbali imodzi n'kusiya inayo yoyera. Polumikiza, pa njira zoyalira chithunzi za mu Hugin ndimasankha cylindrical, popeza ina ya rectilinear ikadutsa madigiri ngati 120 imakoka m'mbali mpaka Domwe kuoneka wotupa.

Chinthu chimene chandisangalatsa kwambiri mwezi uno ndi chingwe cha mbedza, chimene chandithetsera vuto ili. Imikani chala patsogolo panu, tsekani diso limodzi, kenako linalo: chala chimadumpha. Ndi zomwezo zimachitikira bwato limene lili pafupi nanu pamchenga mukatembenuka ndi thupi lonse. Limasuntha poyerekeza ndi chilumba chakumbuyo, ndipo palibe pulogalamu ingakonze bwinobwino. Mankhwala ake n'kuzungulitsa kamera pa lenzi, inu n'kumaizungulira. Mutu wa tripod (choimikira kamera cha miyendo itatu) wa ntchito imeneyi ndi wodula. Ine ndimamanga chingwe chakutsogolo kwa lenzi, kunsi kwake kamwala, n'kuika chigoba cha nkhono pamchenga. Kamwalako kakhale pamwamba penipeni pa chigobacho pa chithunzi chilichonse, kangotsala pang'ono kuchikhudza. Ana a pagombe amaseka, amati ndikuwedza pamtunda, koma bwato limatuluka lathunthu. Mwera ukamawomba kamwalako kamagwedezeka, ndiye njirayi ndi ya m'mawa kuli bata.

Anthu oyenda ndi mabwato opalasa ndimathana nawo ndi mask, njira yophimba mbali ina ya chithunzi mu Hugin: ndimasankha chithunzi chimodzi chimene munthuyo ali wathunthu, pa zinazo n'kumuchotsa, kuti asatuluke kawiri kapena wopanda mutu. Ndipo pagombe pamakhala amayi akuchapa, ena akusamba. Kumeneko sindilozako kamera ndisanapemphe, ndipo akakana ndimasuntha. Panorama imasesa aliyense amene ali m'njira yake, choncho udindo wake ndi wokulirapo.

Tsopano za kuuzana zoona pa zithunzi, zimene ndimazitenga ngati theka la ntchitoyi. Mnyamata wina wa pa Boma anandionetsa panorama ya pafoni imene anajambula ali pa mlatho wa Bakili Muluzi, Shire ikuyenda kunsi. Anati, "Achimwene, anzanga onse akuti zili bho. Inu mukuti bwanji?" Ndinayamba n'kumufunsa chimene ankafuna kuti munthu aone poyamba. Anati mtsinje. Pamenepo ndinali ndi poyambira. Ndinamuuza kuti nthawi anasankha bwino, kuwala kwa m'mawa kwagona pamadzi mokoma ndipo asasinthe zimenezo. Kenako ndinakuza chithunzicho ndi zala, n'kumulozera pamene chitsulo cha m'mbali mwa mlatho chathyoka, ndi wakabaza amene watsala tayala limodzi. "Apa munatembenuka ndi mapewa. Mawa mugwire foni pamalo amodzi, inuyo ndi amene muziizungulira. Ndipo muyandikire kuti chitsulochi chisalowe, chikulanda mtsinje wanu malo." Zina ndinaziona, koma ndinazisunga. Munthu ukamupatsa zokonza khumi sakonza n'chimodzi chomwe.

Mawu oti "zili bho" ndimadana nawo chifukwa sapereka chogwira, ndipo "sizili bwino" ndi chimodzimodzi. Ndemanga yothandiza imaloza malo pa chithunzi, imanena chimene chachititsa, ndipo wojambulayo akhoza kukaiyesa mawa lomwe. Komanso pali kusiyana pakati pa cholakwika ndi chokonda. Mzere wa nyanja wothyoka ndi cholakwika, ndimanena mosazungulira. Koma thambo lochuluka kapena mitundu yowala kwambiri ndi nkhani ya mtima wa mwini chithunzi. Pamenepo ndimati "ine ndikanachita chonchi," n'kumusiya asankhe.

Ndemanga imene yandipatsa ntchito yambiri sinachokere kwa wojambula. Ndinaonetsa panorama ya ku Chembe kwa bambo wina wachikulire amene ankasoka ukonde pafupi ndi mathandala a usipa. Anayang'ana nthawi yaitali, akuyendetsa chala kuchokera ku Otter Point kupita ku Domwe, kenako anati, "Mwana wanga, nyanja iyi ili ndi nthawi ziwiri. Uku kuli bata, uku mphepo yadzuka kale." Msoko sunkaoneka, mzere unali wowongoka, koma madzi a kumanzere anali osalala pamene a kumanja anali ndi makwinya, chifukwa kamphepo kanadutsa ndili mkati mojambula. Hugin sikanandiuza zimenezo. Kuyambira pamenepo ndimayang'ana nkhope ya madzi ndisanayambe, ndimamaliza mzere wonse mofulumira, ndipo ndimaubwereza kangapo kuti ndikasankhe umene nyanja inali ndi khalidwe limodzi.

Chotsatira ndi panorama ya mizere iwiri, wina wa mchenga ndi mabwato, wina wa zilumba ndi thambo. Pamenepo chingwe chokha sichikwana, chifukwa kamera iyenera kuweramira pansi ndi kuyang'ana m'mwamba osachoka pamalo ake, ndiye ndikukambirana ndi wowotcherera zitsulo wina kuti andipangire kachitsulo kokhotetsa kokhazika pa tripod. Ndikufuna kakhale katatha mvula yoyamba isanagwe, chifukwa ikangotsuka utsi mumlengalenga mapiri a kutsidya amabwerera, ndipo masiku amenewo sakhala ambiri.