Sabata yochotsa ma ND

Lolemba ndinapeza mzere utafika kale pakhomo pa shopu yathu kuno ku Durban. Ntchito yanga ndi yodinda manambala a galimoto: kuyala zilembo m'makina, kukanikiza chitsulo, n'kukamangirira nambalayo kutsogolo ndi kumbuyo. Chiyambireni pa 1 Disembala 2023, pomwe chigawo cha KwaZulu-Natal chinayambitsa manambala othera ndi ZN, manja sapuma. Lachiwiri linadutsa chimodzimodzi.

Lachitatu kunabwera bambo wina wachikulire ndi Toyota yake yakale. Nditamasula nambala yake ya ND, anaigwira nthawi yaitali osayankhula. Ndinati, "Baba, kodi pali vuto?" Iwo anangoloza zilembo ziwirizo: N ndi Natal, D ndi Durban. Kenako anayamba kunditchulira zina ngati akutchula abale awo: NP ya Pietermaritzburg, NPN ya Pinetown, NUR ya Umhlanga.

Kale tauni iliyonse inkalembetsa yokha magalimoto ake, ndiye chilembo choyamba chinkanena chigawo, zotsatirazo n'kunena tauni. Ku Cape Town inali CA, ku Johannesburg TJ, ku Pretoria TP, T wakeyo akuimira Transvaal. Zigawo zinayi za South Africa zitasanduka zisanu ndi zinayi mu 1994, zambiri zinasankha chizindikiro chimodzi cha chigawo chonse, monga GP ya Gauteng. KwaZulu-Natal ndi Western Cape anakakamira zilembo za matauni. Tsopano kuno nakonso tazisiya, chifukwa m'matauni ena manambala anali pafupi kutha. Chifukwacho n'chomveka, sindikutsutsa. Koma ZN sikuuza ngati galimoto yakutsogolo kwako ndi ya mnansi kapena ya mlendo wochokera kutali, ndipo zimenezo zimandiwawa.

Lachinayi magetsi anazima masana onse, tinangokhala.

Lachisanu ndikuweruka, ndinaona galimoto itaima pomwetsa mafuta, fumbi lili thoo, nambala yake ya ku Malawi, NB. Nkhata Bay! Ndinawoloka msewu chothamanga n'kupereka moni m'chinenero chathu ndisanaone n'komwe nkhope ya dalaivala. Anaseka, n'kundifunsa kwathu. Ndinamuuza kuti ine ndi wa KK, ku Nkhotakota, ndipo tinacheza za usipa ndi mitengo ya chimanga mpaka mdima unagwa.