Mbale zinayi za pa ukwati

Musandione chonchi, Chingerezi ndinakhoza bwino pa MSCE. Ndiye abwana athu, mayi a ku Australia, atatiitanira kunyumba kwawo ku Namiwawa n'kundiuza kuti, "Just bring a plate," ndinamva bwinobwino. Kungoti mumtima ndinawamvera chisoni. Munthu wa galimoto ziwiri, mbale n'kumamuperewera?

Nditafika kwathu ku Chilomoni ndinawafotokozera mayi a kunyumba. Iwo anati, "Imodzi ayi abambo, tingachititse manyazi. Mnzako akasowa umamuthandiza." Anatsekula kabati n'kutulutsa mbale zinayi zamaluwa m'mphepete, zija tinalandira pa ukwati, zoti ngakhale apongozi sanadyerepo. Anazimanga m'chitenje. Loweruka m'mawa ine phala sindinamwe, dala, kuti m'mimba mukhale malo.

Mu minibasi ndinazifukata ngati khanda, aliyense wondikhudza ndikumuyang'ana ndi diso lofiira.

Pageti ndinakumana ndi mnzanga wa ku ofesi atanyamula beseni la samusa. Kumbuyo kwake wina ali ndi mpunga wa Kilombero, wina nkhuku yootcha. Ndinangoti chamumtima, anthu a mu Blantyre muno kudzionetsera.

Abwana anandilandira ndi nsangala. "Lovely! What did you bring?" Ndinamasula chitenje patebulo pang'onopang'ono, monyadira. Mbale zili mbee, zotsukidwa kawiri. Mayi aja anayang'ana mbale, anayang'ana ine, kenako anasuzumira m'chitenje muja ngati kuti mwina ndiwo zatayikira m'menemo. Pabwalo ponse panangoti zii.

Mnzanga uja anandikokera kuseri kwa mtengo wa mango, misozi ikutuluka ndi phwete.

"Aise, kwawo ku Australia, ngakhalenso ku New Zealand, akati 'bring a plate' ndiye kuti ubwere ndi chakudya choti mugawane. Mbaleyo imangoperekeza."

"Nanga iwe unadziwa bwanji?"

"Chaka chatha ine ndinabwera ndi supuni yomwe."

Ndinadya, koma chakudya chimadutsa pakhosi movutikira. Potsazika, abwana anadzaza mbale zonse zinayi ndi zotsala, nkhuku, samusa, keke, n'kuzimanga okha m'chitenje chija, akusekabe.

Kunyumba mayi anamasula mfundo, anayang'ana, anatola ntchafu ya nkhuku n'kuluma.

"Abambo, akadzakuitananinso mudzandiuze msanga. Ndikabwereke poto wamkulu uja kwa aneba."