Musagule wokitoki musanaone pepala la matchanelo

Gulu la achitetezo cha m'mudzi, a ambulansi, ozimitsa moto kapena odzipereka opulumutsa anthu pa madzi osefukira likasonkha ndalama zogulira wokitoki, funso limene limathamangira kutuluka ndi lakuti: imafika makilomita angati? Funso limenelo lidikire kaye. Yambani ndi ili: anthu amene tikufuna kulankhula nawo akugwiritsa ntchito chiyani? Namondwe wa Freddy atawomba chigawo cha kummwera mu March 2023, magetsi anazima ndipo m'madera ena mafoni anangoti zii. Tsiku lotere wailesi yodula koma yosamvana ndi ya anzanu imangolemetsa lamba.

Pitani kwa amene amasamalira mawailesi a gulu limene mudzagwire nalo ntchito, akulembereni papepala zonse za tchanelo chilichonse: frequency (nambala ya mafunde amene wailesi imalankhulirapo) yolandirira, frequency yotumizira, kukula kwa tchanelo, toni yake (kaphokoso kotsegulira tchanelo), komanso ngati ndi analog kapena digital. Wogulitsa akakuuzani kuti "iyi imagwira ndi iliyonse", mupatseni pepalalo aliwerenge.

Mawailesi ambiri a ntchito imeneyi ali m'magulu awiri: VHF, kuyambira 136 mpaka 174 MHz, ndi UHF, kuyambira 400 mpaka 470 MHz. Ya VHF singamve ya UHF ngakhale zitagundana mitu patebulo limodzi. VHF imayenda bwino pamalo oyalana ngati kuchigwa cha Shire ndi m'nkhalango, pomwe UHF imalowa bwino m'nyumba za konkire ndi pakati pa nyumba zothinana za ku Ndirande. Koma zimenezi n'zothandiza kwa amene akuyamba kumene. Ngati anzanu ali kale pa VHF, nkhani yatha, inunso ndi VHF. Ndipo phiri la Mulanje likaima pakati panu, zonse ziwiri zimagonja.

Pamene anthu amatayira ndalama kwambiri ndi pa mawu akuti digital. Digital si chilankhulo chimodzi. Pali DMR, imene Motorola imagulitsa ndi dzina la MOTOTRBO ndipo Hytera nayonso imapanga. Pali NXDN ya Icom ndi Kenwood, pali TETRA yofala pakati pa apolisi a ku Ulaya, palinso P25 ya ku America. Zinayi zonsezi sizimvana. Wachibale wa ku Johannesburg kapena ku London akhoza kukutumizirani mawailesi abwino ndithu, koma ngati ndi a TETRA ndipo kwanu kuli DMR, agona m'kabati mpaka kalekale.

Ngakhale onse muli pa DMR, frequency yokha sikukwanira. DMR imagawa tchanelo chimodzi cha 12.5 kHz m'mipata iwiri, slot 1 ndi slot 2, kuti magulu awiri azilankhula nthawi imodzi. Ndiye slot ifanane, colour code ifanane (ndi nambala yochokera pa 0 mpaka 15), nambala ya talkgroup (gulu la olankhulana) ifanane, ndipo wailesi iliyonse ikhale ndi nambala yakeyake. Mukakopera zonse kuchokera pa wailesi imodzi n'kuiwala kusintha nambalayi, mawailesi khumi onse amaoneka ngati munthu mmodzi, ndipo batani la ngozi likadinidwa simudziwa amene ali pamavuto.

Pa analog, dandaulo lotchuka ndi ili: "Ine ndikuwamva, koma iwo sakundimva." Kawirikawiri wailesi siinafe. Repeater, makina okhala pamwamba pa phiri kapena pa nsanja olandira mawu n'kuwatumizanso kutali, imalandira pa frequency ina n'kutumiza pa ina. Wolowetsa matchanelo akaika frequency imodzi mbali zonse ziwiri, mumamva repeater bwinobwino koma mawu anu safikako. Chifukwa china ndi toni ya CTCSS, kaphokoso kapansipansi kapakati pa 67.0 ndi 254.1 Hz kamene repeater imadikira kuti itseguke. Toni ikasowa kapena ikaphonyeka, chitseko sichitseguka. Dziwaninso kuti toni siibisa nkhani. Aliyense amene wazimitsa toni pa wailesi yake amakumvani. Kukula kwa tchanelo nako kumavuta mwakachetechete: wa 12.5 kHz akamalankhula ndi wa 25 kHz, mmodzi amamveka chapansipansi, winayo amamveka mosweka ngati sipika yong'ambika.

Zobisa mawu zenizeni zilipo pa digital, koma apa makampani amasiyana. Basic Privacy ya Motorola siimvana ndi njira yofanana nayo ya kampani ina. Ngati gulu lanu limabisa mawu, funsani njira yake yeniyeni komanso amene amasunga kiyi yotsegulira mawuwo musanalipire.

Za makilomita aja, wokitoki yantchito imatulutsa mphamvu ya mawati 5 pa VHF kapena 4 pa UHF, ndipo pakati pa anthu awiri oima pansi m'tauni yembekezani makilomita ochepa chabe. Manambala akuluakulu a pakatoni ndi a pamwamba pa phiri popanda chotchinga. Chimene chimawonjezera mtunda ndi kutalika kwa pamene mwaima ndi eriyo yoyenera. Eriyo ya VHF ndi ya UHF zimatha kulowa pa wailesi imodzi, koma yolakwika imadya mtunda ndipo imatenthetsa wailesi. Musanyamule wailesi pogwira eriyo, ndipo musadine batani lolankhulira eriyo itachotsedwa.

Baofeng UV-5R ndi anzake otchipa amakopa chifukwa amagwira VHF ndi UHF pamodzi. Pophunzirira ali bwino. Pa ntchito yopulumutsa moyo ndimawakana: ndi a analog okha, mvula amaiopa, ndipo mukayandikira nsanja yokhala ndi zotumizira zamphamvu amagontha, osamva ngakhale mnzanu ali pafupi. Yang'anani nambala ya IP. IP54 imapirira fumbi ndi madzi owaza basi. IP67 imapirira kumira mita imodzi kwa mphindi 30, ndipo ndi imene imayenera munthu wowoloka mtsinje wa Ruo utadzaza. Ogwira ntchito pamalo osungira mafuta kapena gasi afunika mtundu wapadera wosatulutsa moto wothetheka, wolembedwa ATEX.

Maola a batire olembedwa pakatoni amawerengedwa potengera kuti pa mphindi 100 zilizonse mumalankhula 5, mumamvetsera 5, ndipo 90 wailesi yangokhala. Tsiku la ngozi silikhala choncho. Gulani mabatire awiri pa wailesi iliyonse ndi tchaja imodzi yolumikiza ku galimoto kapena ku sola, chifukwa tsiku lomwe mudzaifune kwambiri ndi lomwe magetsi kulibe. Mabatire, mamaikolofoni a paphewa ndi zingwe zolowetsera matchanelo sizisinthana pakati pa makampani, nthawi zina ngakhale pakati pa mitundu iwiri ya kampani imodzi. Chingwe ndi pulogalamu yake ya pakompyuta zikhale mbali ya mtengo, apo ayi kusintha tchanelo chimodzi kudzafuna ulendo wa ku Lilongwe.

Ma frequency ku Malawi amaperekedwa ndi MACRA, motsatira lamulo la Communications Act la 2016. Kugula wailesi sikukupatsani chilolezo cholankhulira paliponse, ndipo tchanelo cha apolisi kapena cha chipatala simulowetsa popanda kalata ya eni ake.

Gulani imodzi kaye. Ilowetsedwe matchanelo, kenako muiyese ndi mawailesi a anzanu m'malo enieni ovuta: m'chipinda chamkati cha chipatala, pansi pa mlatho, kuseri kwa phiri, m'galimoto yotseka magalasi. Muyese podutsa pa repeater, muyesenso mwachindunji wailesi kwa wailesi. Tchanelo chachindunjichi, cha analog, chopanda zobisa, chikhale pa nambala imodzimodzi pa mawailesi onse, mwachitsanzo 16, pomwe kabatani kozungulira kamathera, kuti repeater ikazima munthu azichipeza mumdima osayang'ana.