Zimene ndaphunzira pa malamulo a try ndi kusewera moipa mu rugby league

Madzulo ndikaweruka kusukulu kumene ndimaphunzitsa, kufupi ndi Senga Bay, ndakhala ndikuwerenga malamulo a rugby league ndi kuonera masewera ake pa foni. Ndikufuna ana a m'kalasi mwanga adzawalawe pamchenga, mongokhudzana osati kugwetsana. Masewerawa anayamba mu 1895 ku Huddersfield, ku England, matimu a kumpoto atapatukana ndi rugby union pa nkhani yolipira osewera. Mbali iliyonse kumakhala anthu 13, ndipo timu ikagwetsedwa ka 6 mpira umapita kwa anzawo.

Try, kumene kuli kugoletsa pofikitsa mpira pamzere wa kumapeto kwa bwalo kumbali ya anzanu, ndi mapointi 4, ndipo kumenya mpira pakati pa mitengo ya golo pambuyo pake kumawonjezera 2. Koma kungodutsa mzere si kugoletsa ayi. Mpira uyenera kukhudza pansi, pamzere kapena kuseri kwake, wosewerayo ataupanikiza ndi dzanja, mkono kapena chifuwa. Otchinga akalowetsa manja kunsi kwa mpira kuti usafike pansi, palibe try. Ukapulumuka m'manja n'kugwera kutsogolo, palibenso. Lamulo limene lidzavute kufotokozera ana ndi ili: ukagwetsedwa kale, mkono wonyamula mpira uli pansi ndipo wokugwira sanakusiye, suloledwa kutambasulanso mkonowo kuti ufike pamzere. Woimbira amapereka penate kwa anzawo. Komatu ngati liwiro lako lomwe lakutsetsereza mpaka pamzere, try ndi yabwinobwino.

Chimene chandigwira mtima kwambiri ndi lamulo la penalty try. Tonse timakumbukira 2010 ku Johannesburg, pa World Cup ya mpira wamiyendo, Luis Suárez wa Uruguay atatchinga mpira ndi manja pa golo, Asamoah Gyan n'kuphonya penate, Ghana n'kutuluka. Mpaka lero nkhaniyi ikabuka pa bawo anthu amapukusa mitu, chifukwa wolakwa ndi amene anapindula. Mu rugby league khomo limenelo analitseka. Woimbira akaona kuti try ikanagoletsedwa pakanapanda kusewera moipa, amaipereka, ndipo womenya amaika mpira kutsogolo kwenikweni kwa mitengo.

Zinachitikapo pa ndime yomaliza ya NRL, ligi yaikulu ya rugby league ku Australia, mu 1999. Craig Smith wa Melbourne Storm anawakha mpira kuseri kwa mzere, Jamie Ainscough wa St George Illawarra n'kumumenya kumutu asanauike pansi. Smith anakomoka, mpira unagwa. Woimbira Bill Harrigan anafunsa woona kanema, try inaperekedwa, Melbourne n'kupambana 20 kwa 18. Ndikaonera kachigawo kameneko, ndimaona kulimba mtima kwa oimbira, poti chikho chonse chinagona pa chiweruzo chimodzicho.

Palinso lina lofanana nalo. Munthu akachitidwa chipongwe pa nthawi imene akuika mpira pansi, try imawerengedwa, amamenya mpira wa mapointi 2, kenako amapatsidwanso penate kutsogolo kwa mitengo. Zonse pamodzi zimatha kufika mapointi 8. N'zomveka, pakuti wogoletsa amakhala atagona chafufumimba, manja ali pa mpira, alibe podzitetezera.

Kugwira pakhosi kapena kumutu, kupinga ndi mwendo, kunyamula munthu n'kumugwetsa chamutu, zonsezi n'zoletsedwa. Wolakwa amatha kutulutsidwa mphindi 10, kapena osabwereranso. Ana anga ndidzayamba nawo pamenepa asanagwire n'komwe mpira, chifukwa ndimawadziwa mmene amakankhirana pa mpira wa chikulunga nthawi yopuma.